Kiyi wa a Foromani

Ku kampani ya madzi palibe amene anamuonapo atakhala pampando mpaka tiyi kuzizira. Ankamwa ali chiimire, phazi limodzi lili kale pakhomo. Anzake anamupatsa dzina loti Liwiro, ndipo dzinalo linameza lenilenilo, moti ngakhale mkazi wake akakwiya ankamuitana kuti "a Liwiro inu".

Ntchito yake inali yowerenga mamita. M'mawa uliwonse ankatenga buku, cholembera ndi kiyi wachitsulo wotsegulira zivindikiro, n'kulowa m'misewu. Kugogoda pageti, kukalipira agalu, kugwada, kutsegula, kupukuta galasi la mita ndi chala, kulemba manambala, kutseka, kudzuka. Anzake ankawerenga nyumba zana limodzi patsiku n'kumati atopa. Iye ankafika mazana awiri dzuwa lisanapendeke, kenako n'kubwerera ku ofesi kukasowetsa anthu mtendere poyendayenda m'khonde ngati nkhuku yofuna poikira dzira.

Mayi ake ankati anabadwa namwino asanamalize kusamba m'manja. Mkazi wake anasiya kalekale kuyenda naye limodzi. Popita kutchalitchi iye ankafika, kukhala, kuimba nyimbo ziwiri, mkazi ndi ana n'kumalowa kumene thukuta lili kamukamu. Sanali munthu wankhanza ayi. Kungoti miyendo yake inkaganiza msanga kuposa mutu, ndipo pakamwa pake pankatsatira miyendoyo.

Munthu mmodzi yekha ndi amene ankatha kumuimika, a Foromani, amene anamuphunzitsa ntchito zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi zapitazo. Atapuma pantchito matenda a shuga anawadya mwendo wamanja mpaka m'bondo, ndipo phazi lotsalalo nalo linali losadalirika. Ankakhala m'chipinda chimodzi kuseri kwa nyumba ya mwana wawo wamkazi. Munali bedi, wailesi, mpando wa alendo ndi zenera loyang'anana ndi khoma la anansi. Pakhomo panali sitepe yaitali kufika m'katumba. Zaka ziwiri zinali zitatha munthu amene ankadziwa geti lililonse m'tauni asanauone msewu.

Mwezi uliwonse Liwiro akawerenga mita ya panyumbapo ankalowa kukawaona, koma pampando wa alendo paja sankakhalapo.

"Takhala pansi iwe, ukundizunguza mutu," ankatero a Foromani.

"Ndikadali ndi nyumba makumi anayi, bambo."

"Nyumba sizithawa."

Ndi a Foromaniwa amene anamupatsa kiyi uja. Anali wamtali ngati dzanja, wakuda ndi thukuta la zaka zambiri, ndipo kumapeto kwake anamangirirako maginito a m'sipika yakale. Kanati kapena kasikuluwu kakagwera m'dzenje la mita, m'matope momwe dzanja silifika, umangotsitsa kiyiyo kachitsuloko n'kubwera kokha katamatirira. Nzeru imeneyi inali yawoyawo ndipo ankainyadira. Liwiro ankavala kiyiyo m'khosi pachingwe, mkati mwa malaya, kuntchito, kumaliro, ngakhale kutchalitchi.

Tsiku lina pabolodi la zidziwitso anamatapo pepala. Bungwe lina lothandiza anthu osayenda linakonza mpikisano m'nkhalango ya kumapiri. Timu iliyonse ikhale ya anthu anayi. Adzapatsidwa mapu, kampasi ya singano yoloza kumpoto ndi khadi, ndipo adzafune okha mbendera zisanu ndi zitatu zobisika m'tchire. Pa mbendera iliyonse pali kachitsulo koboolera khadi, umboni woti mwafikapo. Kunyamuka sikisi koloko m'mawa, belu lotsekera folo koloko madzulo. Timu iliyonse yofika belu lisanalire, anthu onse anayi ali pamodzi, idzalandira chikuku chimodzi, njinga yokhalapo munthu wosayenda, ndipo chidzapita kwa amene timuyo yamulemba pafomu.

Liwiro sanamalize n'komwe kuwerenga. Anathothola fomu, analemba dzina la a Foromani, ndipo asanapeze ngakhale mnzake mmodzi woyenda naye anali atafika kale kuchipinda kuja.

"Bambo, chikuku chanu chapezeka. Zatha kale zimenezo. Lolemba loyamba la mwezi wamawa ndikubweretserani ndekha."

"Wachipeza kuti?"

"N'kuyenda basi. Kuyenda, bambo! Alipo angandipose kuyenda m'tauni muno?"

A Foromani anangoyang'ana chitseko nthawi yaitali, ndipo Liwiro anaona kuti amukhulupirira.

Anthu atatu aja anawapeza movutikira. Pulambala anavomera chifukwa ankavomera chilichonse. Dalaivala wa thanki ya madzi, munthu wa mimba yake, anavomera chifukwa a Foromani ndi amene anamupezera ntchito. Wachinayi anali mayi a ku labu, amene ankayeza ngati madzi ali abwino kumwa. Mayiwa chilichonse ankachiyeza kawiri, ndipo zikagwirizana ankayezanso kachitatu pofuna kudziwa chifukwa chake zagwirizana. Ndi iwo amene anapita kukaphunzira kuwerenga mapu ndi kampasi Loweruka lina. Liwiro anapita nawo, koma anangomva mawu awiri, oti kampasi uziigwira mopingasa pafupi ndi chifuwa, kenako anatuluka kukazungulira bwalo.

Tsiku la mpikisano kunacha kopanda mtambo. Matimu anali makumi anayi, ena atavala zothina zonyezimira ndi mapaipi omwera madzi otuluka m'zikwama, ena ngati a kampani ya madziwa, atavala masikipa a kuntchito ndi nsapato zomwe anali nazo. Wembulo italira anthu anamwazikira m'mitengo, ndipo Liwiro anayenda mapazi zana asanazindikire kuti ali yekha. Anzake anali chiimire poyambira, mayi a ku labu atayala mapu pabondo.

"Mayi, anthu apita!"

"Apite. Ife tiyambe tadziwa kumene tikupita."

Mbendera yoyamba anaipeza kuseri kwa mtengo wakugwa, yachiwiri m'kachigwa ka nsungwi, yachitatu pamphambano ya timitsinje tiwiri. Zonse anazipeza osasochera ngakhale phazi limodzi, koma Liwiro sanaone zimenezo. Ankangoona mayi aja akuima, kupukuta magalasi, kutembenuza mapu, kuwerenga timizere. Ankathamangira kutsogolo n'kubwerera, kuthamangiranso n'kubwereranso, moti pofika teni koloko anali atayenda mtunda wowirikiza kawiri wa anzake. Timu iliyonse yowadutsa inkamubaya mumtima. Ankaona chikuku cha a Foromani chikukankhidwa ndi anthu ena kupita kwina.

Mbendera yachinayi inali pamwamba pa phiri la matanthwe. Ataboola khadi, mayi a ku labu anakhala pansi, kuvula nsapato imodzi, kukutumula mchenga, n'kuyalanso mapu pamwala. Pansi pa phirilo zigwa zitatu zinkatsika ngati zala, zonse zofanana, zonse zodzaza mitengo.

"Yachisanu ili kum'mwera, m'chigwa chimodzi mwa izi," anatero. "Tikamapita kum'mwera, nsonga yofiira ya singanoyi iziloza kumbuyo, kwa munthu wagwira kampasiyo. Tadikirani ndionetsetse chigwa chake."

"Mwanena kale, iziloza kwa ine. Chatsala n'chiyani?"

"Ndikufuna ndiyezenso."

"Mayi, zengerezu adalinda kwaukwau. Bweretsani kuno."

Anatsomphola kampasiyo m'manja mwawo. Anaigwira mopingasa pachifuwa monga anamvera tsiku lija, anayang'ana chigwa chimene chinali pafupi ndi mapazi ake, n'kuweramira singano. Nsonga yofiira inanjenjemera pang'ono, kenako inaloza pachifuwa pake ndendende.

"Mwaona? Ndi kuno. Tiyeni!"

"A Liwiro, pamapu pano chigwa chathu chikuoneka chapakati."

"Mapu anajambula ndi munthu, kampasi sinama. Nyumba mazana awiri patsiku ine, sindinasocherepo."

Pulambala anavomereza, monga mwa nthawi zonse. Dalaivala anali akupuma ngati mvukuto. Mayi a ku labu anavala nsapato yawo, anapinda mapu mwakachetechete, n'kutsatira.

Anatsika. Poyamba zinkakoma, chifukwa kutsetsereka sikufuna nzeru. Kenako udzu unatalika kupitirira mitu yawo, minga inayamba kukola masikipa, ndipo kanjira ka nyama kamene ankatsata kanathera m'ziyangoyango. Liwiro anali kutsogolo, akuthyola nthambi ndi manja. Mphindi zingapo zilizonse ankaima, kuika kampasi pachifuwa, ndipo singano inkaloza kwa iye mokhulupirika. Chigwa chinakhotera kumanzere, singano inavomera. Chinakhoteranso kumanja, singano inavomeranso. Munthu wodekha akanadabwa kuti kampasi yanji yovomera chilichonse ngati pulambala, koma Liwiro ankangomva kukoma kuti lero zinthu zikumumvera.

Maola awiri anatha osaona mbendera, osamva liwu la timu ina. Madzi a m'mabotolo anatsala otsukira m'kamwa. Pa thanthwe lina loterera dalaivala anaphonya phazi, bondo linapotokola, ndipo anakhala pansi ndi mawu amene sitingawalembe pano.

Apa m'pamene mayi a ku labu anaima pakati pa njira manja ali m'chiuno.

"A Liwiro, dzuwa lili kumene silikuyenera kukhala. Tagwirani kampasiyo monga mumagwirira."

Anaigwira.

"Ikuloza kuti?"

"Kwa ine. Mukufunanso chiyani?"

"Tembenukani muyang'ane kumene tachokera."

Anatembenuka, akung'ung'udza. Anaweramira singano, n'kungoti kakasi. Nsonga yofiira inali ikulozabe pachifuwa pake.

"Tembenukaninso, muyang'ane phiri ilo."

Singano inazungulira naye limodzi ngati yamangiriridwa pamtima pake.

"M'sikipamo muli chiyani?"

Liwiro anapisa dzanja pakhosi n'kusolola chingwe. Kiyi uja anatuluka akulendewera, maginito ake ali ndi tizitsulo tamchenga tomatirira. Atamuyandikiza pa kampasi singano inalumpha, atamutalikitsa inabwerera mwakale, kuloza kutali kwina kumene palibe ankakuganizira. Pulambala anayamba kuseka, koma ataona nkhope ya Liwiro anameza chisekocho.

"Ndinamutenga kuti a Foromani ayende nafe," anatero Liwiro, mawu ali otsika.

Palibe anamukalipira, ndipo zimenezo zinamupweteka kuposa chitonzo. Mayi a ku labu anatenga kampasi, anayenda mapazi khumi kutalikirana naye, anayeza, anayezanso, ndipo ulendo uno Liwiro anadikira mpaka amalize.

"Talowera kum'mawa. Tikwere mtanda uwu tigwere m'chigwa chapakati. Nthawi ikadalipo, koma ndi yochepa. Inu a Liwiro muziyenda kumbuyo kwenikweni, kutali ndi ine."

Kumbuyo! Chibadwire anali asanayendepo kumbuyo kwa munthu. Anasenza chikwama chake ndi cha dalaivala, anathyola ndodo n'kumupatsa, ndipo pokwera ankamukankha kumsana ndi manja onse awiri. Miyendo inkamuyabwa. Ankaona msana wa dalaivala wonyowa ndi thukuta, ankamva bondo lija likulira pa sitepe iliyonse, ndipo maso ake ankapita pa wotchi mobwerezabwereza ngati kuti ikayang'anidwa ichita manyazi n'kuima.

Mbendera yachisanu anaipeza wani koloko itadutsa. Yachisanu ndi chimodzi inali pachithaphwi, ndipo anamwa madzi ake mayi a ku labu atatembenukira kumbali kuti asaone. Yachisanu ndi chiwiri inali pansi pa mlatho wa mitengo. Yomaliza anaiboola patatsala theka la ola kuti belu lilire, ndipo kuchokera pamenepo njira inali yoonekera, mseu wafumbi wotsikira kubwalo. Zokuzira mawu zinkamveka kale chapatali.

Liwiro yekha akanafika m'mphindi khumi. Thupi lake linadziwa zimenezo, ndipo linanyamuka lokha. Anathamanga mpaka pokhota, mphepo ikumukoma kumaso, kenako anaima. Kufika yekha kunalibe ntchito. Anabwerera, analowetsa phewa kukhwapa kwa dalaivala, pulambala analowa mbali inayo, mayi a ku labu anasenza zikwama zonse zinayi.

"Ndisiyeni pano, achimwene," anatero dalaivala misozi ikulengeza. "Mwina akumverani chisoni atatu."

"Khala chete, aise. Ponda ndi mwendo wabwinowo."

Anayenda chokoka, miyendo isanu ya anthu atatu, fumbi lili koboo. Anaona matenti. Anaona zikuku zatsopano zitandandalikidwa pansi pa tenti yaikulu, mapulasitiki asanachotsedwe m'mipando. Atatsala mapazi osakwana mazana atatu, belu linalira, ndipo linalira nthawi yaitali mopanda chisoni.

Anamalizabe, onse anayi, anthu akuwaombera m'manja. Liwiro anapita molunjika kwa mayi wa bungwe amene ankalandira makadi. Anamuonetsa maboo onse asanu ndi atatu, anafotokoza za bondo, za mwendo wa a Foromani, za zenera loyang'anana ndi khoma. Anagwada ndithu pafumbipo.

"Bambo, dzukani, mukundichititsa manyazi," anatero mayiyo mofatsa. "Zikukuzi zabwera molingana ndi matimu ofika nthawi yake, ndipo chilichonse chili ndi mwini wake amene akudikira ngati wanuyo. Dzina lawo ndililemba pa mndandanda wa odikira. Koma sindikunamizani, mndandandawo ndi wautali. Mwina chaka."

Lamlungu Liwiro sanapite kutchalitchi. Anatuluka m'mamawa n'kuzungulira tauni yonse opanda buku, opanda kolowera. Kawiri anafika pa ngodya ya msewu wa a Foromani, kawiri anabwerera. Mkazi wake atamuona akulowa, kutuluka, kulowanso, anamuuza kuti nkhani yoipa siikoma chifukwa choichedwetsa, ndipo kuti munthu amene amafulumira pa zonse asayambe kuzengereza pa chimodzi chokhachi.

Lolemba anapita dzuwa litakwera pang'ono. Anazungulira kuseri kwa nyumba, ndipo atafika pakhomo la chipinda chija anaima. Sitepe yaitali ija panalibe. M'malo mwake panali njira yotsetsereka ya simenti, yosalala bwino, pamwamba pake pasanaume, atatchinga ndi njerwa m'mbali kuti nkhuku zisapondepo. Chitseko chinali chotsegula. A Foromani anakhala m'mphepete mwa bedi atameta ndevu, atavala malaya oyera osita, nsapato imodzi yopolishidwa ili kuphazi.

Anayang'ana manja a Liwiro, kenako kumbuyo kwake.

Liwiro analumpha simentiyo, analowa, ndipo anakhala pampando wa alendo uja. Anafotokoza zonse osadumpha kanthu: mmene anatsompholera kampasi, mmene singano inkamuvomerera, maola awiri a m'chigwa cholakwika, belu. Sananamizire bondo la dalaivala kapena kuchedwa kwa mayi a ku labu. Pomaliza anati, "Ndinakulonjezani chinthu chisanakhale m'manja mwanga, bambo. Ndachita manyazi."

Wailesi inkalankhula yokha pansipansi. A Foromani anasisita bondo lodulidwalo.

"Mkamwini wanga wagumula sitepe dzulo," anatero. "Tsiku lonse, ndi mnzake. Ndinatumanso uthenga kwa telala wa pamsewu, ndi kwa uja wokonza njinga, kuti lero andiona. Telala ndamva watulutsa kale benchi panja."

"Ndipita ndikawauze ine. Mlandu ndi wanga."

"Ukawauze chiyani? Ndati andiona lero." Anawongola kolala ya malaya. "Dzulo wasenza dalaivala uja, mimba yonse ija?"

"Dzana, bambo. Tinathandizana ndi pulambala."

"Ine ndine theka la iyeyo. Tembenuka, ugwade."

Liwiro anagwada pafupi ndi bedi, msana atalozetsa kwa iwo. Manja owonda anamuzungulira m'khosi, ndipo atadzuka anadabwa kupepuka kwawo. Anafika pakhomo, kuwala kwa panja kunawamenya kumaso, ndipo anamva a Foromani akukoka mpweya wautali pafupi ndi khutu lake.

"Usaponde pa simentipo, sipanaume. Dzera m'mbalimu," anatero a Foromani. "Ndipo iwe, pang'onopang'ono. Ndili ndi mwendo umodzi wokha wokugwirira."